Nyumba Khumi ndi Ziwiri Zodikira Chikwangwani

M'chaka chachisanu ndi chimodzi cha ulamuliro wa Mwini Dziko, m'mudzi wina wa m'malire umene dzina lake sitilitchula poopa kuchititsa manyazi anthu amene akali moyo, munafika mabanja khumi ndi awiri othawa nkhondo kutsidya kwa mtsinje. Unali mwezi wa Ogasiti, fumbi lili koboo. Anthu a m'mudzimo, posadziwa kuti chifundo chili ndi unduna wake, anangogawana alendowo tsiku lomwelo, ena kutchalitchi, ena m'makhitchini, ena pamakonde.

Nagama, mayi wamasiye wolima fodya, anatenga bambo wina dzina lake Zhuwawo, mkazi wake Lusiya ndi ana awo atatu. Nyumba yake inali yaing'ono, choncho anawapatsa chigafa, chisakasa chija amapachikamo fodya kuti aume, n'kutchinga m'mbali ndi mphasa zakutha.

"Achimwene, khalani muno ngati kwanu," anatero Nagama. "Koma tiuzane zoona lero lomwe. Akamatha Januwale ndiyamba kuthyola fodya, ndipo fodya wonyowa ndi mvula sagulidwa. Chakudya changa cha chaka chonse chimatuluka m'chigafa muno."

"Tamva, mayi," anayankha Zhuwawo. "Pofika nthawi imeneyo boma lidzakhala litatipatsa pogona. Atilemba kale maina."

Nagama anangoyang'ana kumbali. Iye boma ankalidziwa kuyambira ali mtsikana.

Koma tisalinamizire boma, linachita changu chodabwitsa. Sabata isanathe kunafika magalimoto asanu ndi atatu, ndipo m'galimoto yakutsogolo munatsika Bwana Kamtedza, Mlembi Wamkulu wa Unduna Woona za Alendo Ogwa Mwadzidzidzi, Pogona Pawo ndi Zofunda Zawo. Pambuyo pawo panali Mkulu Woona za Makiyi, Wachiwiri kwa Mkulu Woona za Makiyi, Mlangizi Wapadera pa Nkhani za Mapilo, ndi ena amene ntchito zawo ankazidziwa okha. Onse pamodzi anali makumi awiri. Anasuzumira m'chigafa, anapukusa mitu momvetsa chisoni, kenaka anakalowa ku resitihausi ya pa tauni kukakambirana. Bwana Kamtedza anafotokoza kuti munthu sangaganizire bwino osowa pogona iye mwini asanagone bwino. Motero ndalama zoyamba za pogona pa othawa kwawo zinathera pa pogona pa komiti, kuphatikizapo alawansi ya aliyense chifukwa chogona kutali ndi kwawo.

Pofika Novembala nyumba khumi ndi ziwiri zinali zitaima kuseri kwa mudzi. Eee, nyumba zake zinali nyumba ndithu! Njerwa zootcha, malata onyezimira, simenti pansi, mpanda wa waya kuzungulira, ndi kanyumba ka mlonda pageti. Zhuwawo anagwirako ganyu yoponya matope. Tsiku limene amisiri anatsuka mafosholo, iye anasenza mtolo wa banja lake n'kulunjika pageti.

"Mukupita kuti, bambo?" anafunsa Mkulu Woona za Makiyi.

"Kukalowa, bwana. Akuti nyumbazi ndi zathu."

"Ndi zanu, inde. Koma nduna sinabwere."

Apa pafunika kufotokoza, poti alendo sangamvetse. M'dziko limenelo chomanga cha boma sichinali kanthu kufikira nduna itadula riboni ndi kuvundukula chikwangwani chamkuwa cholembedwa dzina lake. Chipatala chosadulidwa riboni chinali mulu wa njerwa chabe. Mlatho wosadulidwa riboni anthu ankaulambalala n'kuwoloka pamadzi, nsapato zili m'manja. Wogona m'nyumba yotere nduna isanafike anali mbava ya ulemu wa nduna, ndipo mlandu wake unkaposa wa kuba mbuzi.

Chikwangwanicho ankachisula ku likulu ndipo chinkatenga masabata atatu. Vuto linali limodzi lokha. Mwini Dziko ankatembenuza nduna zake ngati chimanga chowotcha pa mbaula, ndipo ankalengeza zimenezi pa nkhani za pa wailesi za 1 koloko masana. Chikwangwani choyamba chinafika Lachisanu m'mawa, ndipo masana ake mwini dzinalo anasamutsidwira ku Unduna wa Nsomba. Chachiwiri chinafika Khirisimasi itayandikira. Nduna yake inanyamukadi, sizasi ili pamiyendo, koma inamva pa wailesi ya m'galimoto kuti yachotsedwa ntchito, ndipo dalaivala anatembenuza osafunsanso. Zikwangwani ziwirizo anazilipirira chipinda chawo ku resitihausi, poti katundu wa boma sagona panja.

Mvula inayamba. Mabanja ena aja anatopa ndi kuyang'ana malata onyezimira kudzera pa waya. Ena anapita kwa abale kutali, ena anabwerera kutsidya kwa mtsinje, akuti kunkhondo n'koopsa koma kulibe kudikira chikwangwani. Anatsala ndi Zhuwawo yekha ndi banja lake, chifukwa mudzi wawo unali utawotchedwa wonse ndipo analibe kobwerera.

Januwale atatha, masamba a m'munsi a fodya wa Nagama anayamba kuyezuka. Anathyola, anasoka, n'kupachika pa mitengo pamwamba pa alendo ake. Sabata imodzi yokha ana anayamba kutsokomola osalekeza, maso ali psuu. Nagama anasiya kupachika. Fodya wotsatira anamuunjika pakhonde n'kufunditsa pulasitiki, ndipo patapita masiku anayi anayamba kuda ndi kununkha.

"Mayi, ife tikagona pansi pa mtengo wa mango," anatero Lusiya, misozi ikulengeza. "Tisakupheni ndi njala chifukwa cha chifundo chanu."

"Ndi mvula iyi? Ana awa? Mukufuna anthu azindiloza chala moyo wanga wonse? Khalani pansi, achemwali."

Nagama anayankhula molimba mtima, koma mumtima anali ndi mantha, ndipo kunena zoona zinali zomvetsa chisoni kumuona m'mawa uliwonse akuvundukula pulasitiki n'kutaya masamba owola. Tsiku lina anamanga chitenje mwamphamvu n'kuyenda wapansi mpaka ku resitihausi. Anapeza komiti ikukambirana mtundu wa riboni.

"Bwana, ngati anthu saloledwa m'nyumba zija, ndiloleni ndikapachikemo fodya wanga. Fodya sagona, amangolendewera."

Bwana Kamtedza anavula magalasi. "Mayi, mfundo yanu ndi yakuya. Koma fodya ali pansi pa Unduna wa Ulimi. Lembani kalata, ife tikhazikitsa komiti yaing'ono."

"Komiti yaing'onoyo ikagona kuti?"

"Konkuno, mayi. Musadandaule za ife."

Koma za iwo zinafunikadi kudandaula. Sabata yomweyo kunafika Komiti Yoona za Madzi Osefukira, ya maudindo aatali kuposa awo, ndipo inalanda zipinda zonse kupatula cha zikwangwani. Kubwerera ku likulu kunali kosatheka, chifukwa wogona kwawo salandira alawansi. Anakambirana tsiku lathunthu, mpaka Mlangizi Wapadera pa Nkhani za Mapilo anatulukira nzeru. Anati n'kulakwa kupereka nyumba kwa anthu ovutika popanda kuziyesa ngati zikugoneka, ndipo kuyesa si kugona. Anamuwombera m'manja. Madzulo ake akuluakulu makumi awiri analowa m'nyumba khumi ndi ziwiri zija ndi masutikesi awo, ndipo mwa kuiwala chabe anapitiriza kulandira ndalama ya ku resitihausi. Anayesa sabata yoyamba, yachiwiri, yachitatu. Koma zinazi, abale!

Nthawi imeneyi ku likulu kunali kutasankhidwa nduna yachitatu, Olemekezeka a Gwaza. Iwowa anali ataona zimene zinagwera anzawo, ndipo analumbira kuti dzina lawo likhomedwa pakhoma, zivute zitani. Sanadikire mkuwa wa masabata atatu. Anakalembetsa chikwangwani chalata kwa wokhoma zidebe pamsika, n'kuchiika m'buti ya galimoto. Kalata inapita yakuti mwambo udzayamba 10 koloko m'mawa. Aliyense wobadwira m'dzikolo ankadziwa kuti nduna ikati 10 koloko ndiye kuti 3 koloko masana, choncho komiti inagwirizana zodzuka mtima uli m'malo, kusamba, kutulutsa masutikesi, kukolopa, n'kukaima pageti masuti ali thi. Palibe anaganiza kuti nduna yoopa wailesi ya 1 koloko ikhoza kulawira.

Ndunayo inafika 6 koloko m'mawa, pamodzi ndi atolankhani a kanema.

Zimene inaona nduna ndi atolankhaniwo! Zovala zamkati zili ndandanda pa waya. Mlangizi wa Mapilo atagwada akuuzira mbaula, maso ali ofiira ndi utsi. Mkulu Woona za Makiyi akukanganirana ndowa ndi wachiwiri wake. Ndipo pakati pa bwalo panaima Bwana Kamtedza, atamanga chitenje m'chiuno, vesiti yobooka, ndevu za masabata atatu, mswachi uli m'kamwa. A Gwaza anali atakhala nduna masiku anayi okha, ndipo Mlembi wawo Wamkulu anali asanamuonepo, poti bamboyo anali asanaponde mu ofesi kwa miyezi isanu ndi umodzi.

"Kalanga ine!" inafuula nduna, itayang'ana kaye ngati kamera ikujambula. "Taonani mmene nkhondo imasandutsira munthu! Bambo wanga, munasiya chiyani kwanu?"

Bwana Kamtedza anachotsa mswachi pang'onopang'ono. Akanena dzina lawo, ndiye kuti Mlembi Wamkulu wagwidwa atagona m'nyumba yosadulidwa riboni, akudya ndalama ya chipinda chimene sakugonamo, dziko lonse likuonera. Anayang'ana anzawo. Onse anali atazyolika.

"Zonse, olemekezeka," anayankha Bwana Kamtedza. "Nyumba, galimoto, mayi a kunyumba, zonse."

"Mungathe kubwererako?"

"Panopa ayi, olemekezeka. Kukhoza kukhala koopsa."

Nduna inawakumbatira. Inalengeza kuti poona kuvutika kwawo, ikuwakhululukira mlandu wolowa riboni isanadulidwe. Inadula riboniyo, inakhomesa chikwangwani chake ndi misomali isanu ndi umodzi, n'kugawa mabulangete. Alembi amene inabwera nawo anadinditsa zala anthu makumi awiri aja mmodzimmodzi, n'kuwapatsa makadi. Kenaka anawawerengera lamulo la pamalopo, limene Bwana Kamtedza analilemba okha ku resitihausi n'kulinyadira kwambiri. Linkati wothawa kwawo saloledwa kugwira ntchito, ndipo satuluka kunja kwa mpanda popanda chilolezo chosainidwa ndi Mlembi Wamkulu, chodindidwa ndi chidindo cha mu ofesi yake ku likulu.

Potuluka, nduna inaona munthu pageti akupaka laimu miyala ya m'mbali mwa msewu. Anali Zhuwawo, pa ganyu ya mwambowo, atavala malaya ochapa bwino. Nagama anaima chapafupi, atabwera kudzaonera.

"Nayi nzika yakhama!" inatero nduna. "Anthu ngati awa ndi amene tikuwafuna. Bambo, kuyambira lero ndinu Mlonda Wamkulu wa malo ano."

"Pepani olemekezeka, koma ineyo ndi amene ndinath—"

Nagama anamuponda phazi mwamphamvu. "Olemekezeka, tingofunsa nawo. Mlondayo azigona kuti?"

"M'kanyumba ka pagetiko, ndi banja lake."

"Kameneko kakudikiranso chikwangwani?"

"Ka mlonda? Iyayi, mayi. Nduna ingalembetse dzina lake pa kanyumba ka mlonda?"

"Achimwene," anatero Nagama, "landirani makiyi ndi manja awiri."

Pa nkhani za 1 koloko a Gwaza anachotsedwa ntchito, koma anamva ali m'galimoto akumwetulira, poti dzina lawo linali pakhoma kale. Nthawi yomweyo Lusiya anali akusesa m'kanyumba kaja. Kanali kopanikiza kwa anthu asanu, koma sikankadontha. Nagama, Zhuwawo ndi Lusiya anagwira ntchito mpaka dzuwa kulowa, kusoka ndi kupachika. Fodya wa pakhonde uja anali atawola kale ndipo anakathera kudzala, koma wam'munda yense analowa m'chigafa.

M'mawa mwake Bwana Kamtedza anafika pageti atameta, atavala suti ndi tayi, sutikesi ili m'manja. Anzawo khumi ndi asanu ndi anayi anali pamzere pambuyo pawo.

"Tsegula, Zhuwawo. Masewera aja atha."

Zhuwawo anaimirira mwaulemu n'kuvula chipewa. "Chilolezo, bwana."

"Chilolezo chanji? Sukundidziwa ine?"

"Ndikukudziwani bwino, bwana. Koma lamulo likuti chikhale chosainidwa ndi Mlembi Wamkulu."

"Mlembi Wamkuluyo ndine!"

"Ndiye zaphweka, bwana," anatero Zhuwawo akubwezera makiyi m'thumba. "Pitani ku likulu mukasaine, mukadinde, mubwere nacho. Ine ndikutsegulirani nthawi yomweyo."