Makapu a Amama a ku Zumbo

Lolemba
Loweruka kuli kicheni pate ya Mailesi, mwana wanga wamkazi mmodzi yekhayo. Akukwatiwa ku Lusaka. Mphatso yanga: makapu sikisi a malemu amama. Anawapatsa ndi dona wa Chipwitikizi ku Zumbo, komwe ankachapa zovala ali mtsikana. Sanamweremo mpaka kufa. Inenso sindinayesepo.

Ndikuwatulutsa m'sutikesi. Mailesi akukweza imodzi padzuwa, zala zake zikuonekera mkati. "Amama, izi ni deliketi." Chizungu chimenecho. Akuti chinthu chokongola, chopyapyala, chosachedwa kusweka. Chabwino. Ine amene ndimafikitsa nsomba zouma kumsika osathyola mchira, ndingalephere makapu?

Lachiwiri
Ali ndi fumbi. Ndikuwatsuka monga ndimatsukira mapoto: mchenga wa ku Zambezi, phulusa, mphamvu. Kamzere kagolide ka pakamwa katha. Imodzi yagawanika pakati ili m'manja mwanga, osalira n'komwe. Atsala asanu, ndipo seti ya asanu siyochititsa manyazi.

Lachitatu
Ndawayanika pathandala, pafupi ndi nsomba za pende. Nzeru zanga! Nyani watsika mumtengo, watola nsomba ziwiri, mchira wake wakolopa kapu. Sanatembenuke ngakhale kuona chimene wachita.

Zofunika:
katoni
udzu wofewa
nyani wakufa

Lachinayi
Ndili kumsika, a Tembo, amuna anga, aganiza zondithandiza kulongedza. Munthu wamanga mitolo ya nsomba moyo wake wonse: udzu, saka, chingwe, bondo pamwamba, kukoka mpaka mtolo ulire. Walira ndithu.

Awiri ndi zidutswa zokhazokha. Ina yathyoka chogwirira. Yabwino yatsala imodzi.

"Koma mtolo sunagwedere," akutero. Ndiwo za madzulo aziphikira okha.

Lachisanu
Alamu anga afika kuchokera ku Lusaka ndi mawu omwewa. Akuti nkhani ya mphatso ni deliketi, akuchimuna adzayang'ana zimene tapereka, tisayankhule mwachisawawa. Kani ndi nkhani zomwe zimasweka.

Ndakhala pansi ndi zidutswa pachitenje, ndiye ndakumbukira. Mawuwa ndinawamvapo kale, kuchipatala. Nesi anatuluka nati, "Amai anu ali deliketi." Ndinagwedeza mutu ngati ndamva, ndinapita kukagulitsa nsomba poti ndimayesa akunena kuti akupeza bwino. Mawa lake tinali kulira.

Ndalira mpaka Mailesi wandipeza. Ndamuuza kuti ndi utsi.

Loweruka
Ng'oma, nthungululu, kutentha kwa kwathu kuno ku Feira. Anzanga akuvina ndi mabeseni, mapoto, wina mpaka firiji. Ine ndikuvina ndi kapu imodzi, ina yopanda chogwirira ndaibisa m'chitenje. Chiuno sichikuyenda, maso ali pa kapu.

Mai wina wa kuchimuna: "Imodzi? Mwamuna azimwera m'manja?" Aseka onse. Ndimati ndifotokoze za amama ndi za ku Zumbo, koma ndangotulutsa yopanda chogwirira ija, ndaika pambali pa inzake. Aseka koposa. Mailesi yekha sanaseke.

Lamulungu
Basi yanyamuka m'mawa. Mailesi watenga yopanda chogwirira, waikulunga mu duku la agogo ake. Akuti imeneyo yaona kale mavuto, msewu wa ku Lusaka suiopseza. Yabwino wandisiyira pa tebulo. "Mwerani, amama. Agogo anasunga, anapindula chiyani?"

Nyumba yangoti zii. A Tembo akusoka ukonde panja, sakundiyang'ana. Ndathira tiyi, ndagwira ndi manja awiri monga ankagwirira amama popukuta fumbi. Ndamwa. Tiyi ndi yemwe uja wa masiku onse, kungoti amazizira msanga.

Ndaitsuka ndi madzi okha. Sindinaibwezere m'sutikesi.