Mbuzi Yanga Inafera Kamzere Kabuluu

Uthenga unandipeza m'dimba, khasu lili m'manja, dzuwa la ku Ngabu likundiphika pamsana, ndipo ndikanakhala munthu wanzeru ndikanaimvetsera foniyo mpaka kumapeto. Koma tsiku limenelo nzeru ndinazisiya kunyumba pamodzi ndi nsapato.

Anaimba ndi Esinati, mdzukulu wanga, amene ndinamulera ndekha ndi thonje ndi mapira mayi ake atatisiya. Ali kusukulu yaukachenjede ku Blantyre, amavala chijasi choyera, ndipo ntchito yake ndi kuweta tizilombo tosaoneka ndi maso m'mabotolo. (Ana a anzanga akuweta ng'ombe, wanga akuweta zosaoneka. Mulungu amagawa mosiyanasiyana.) Miyezi isanu ndi iwiri tizilomboto tinkamukanira. Kutidyetsa, ayi. Kutifunditsa, ayi. Kutigwedeza ngati khanda, ayi ndithu. Ndiye tsikulo anakuwa pafoni kuti, "Agogo, zatheka! Tizilombo tapanga chinthu chija cha matenda a shuga!"

Inetu matenda a shuga ndakalamba nawo. Maso achita chifunga, mapazi achita dzanzi, tiyi ndimamwa wowawa ngati chilango. Choncho zotsalazo Esinati anauza nyemba, poti foni ndinaigwetsa pamzere. Nthungululu kuyambira kudimba, nthungululu pamsewu, nthungululu mpaka pakhomo, ndikuimba kuti ndalera dokotala ine, ndalera, ndalera, amene ankandiseka atuluke aone.

Lachiwiri ndi tsiku lathu la a shuga kuchipatala. Ndinapita, osati kukayezetsa, a shuga ochira amayezetsa chiyani? Ndinaima kutsogolo kwa mzere n'kulengeza kuti mankhwala apezeka, wawapeza ndi mwana wa m'nyumba mwanga, akubwera nawo Loweruka (za ulendowo anali atandiuza kale), aliyense atsuke botolo lake. A Alufandika, mdala wa ku Mlolo amene diso limodzi linatseka kale, anandigwira dzanja ndi manja onse awiri n'kumangothokoza m'Chisena kuti takhuta, takhuta. Ine kumangogwedeza mutu ngati nduna.

Lachinayi kumvano ndinaperekera umboni. Kwathu kuno umboni wouma sumveka, munthu wochira amaonetsa chimene wasiya. Woledzera amathira kachasu pansi, wa fodya amathyola ndudu. Ine ndinanyamula mapiritsi anga m'mwamba, amayi akuimba, ndipo pobwerera ndinakawataya m'chimbudzi, onse, ngakhale limodzi lokumbukira osasiya. Lachisanu tiyi wa masupuni atatu. Masana mzimbe. (Mano ndili nawo anayi, koma anagwira ntchito ngati khumi.)

Loweruka mbuzi inagwa. Mbuzi yanga imodzi yomweyo, yamawangamawanga, imene ndinaitulutsa m'madzi osefukira ndi manja anga awa. Anthu anadzaza pansi pa mtengo wa nimu, mabotolo ali ndandanda, ena a mafuta ophikira, ena a zakumwa, a Nyakhuwa oyandikana nane nyumba anabwera ndi chigubu chathunthu poti iwo chilichonse amafuna chochuluka.

Esinati anatsika pa kabaza ndi kachikwama kamodzi. Ndinayang'ana kumbuyo kwa njinga, chigubu palibe. Ndinati mwina mankhwala ake ndi amphamvu, dontho limodzi m'ndowa. Titavina, titamukhazika pampando, ndinamuuza kuti atulutse, anthu adikira. Anatulutsa foni. Pafonipo panali chithunzi cha kamzere kabuluu, kakang'ono ngati mphini ya pankhope. Anati ndi chimenecho, dzina lake enzaimu, ndipo nkhope yake ikuwala ngati watiwonetsa mwana.

A Alufandika anafunsa mwaulemu kuti nanga timwa liti.

Mwanayo anayang'ana mabotolo, anayang'ana mbuzi m'mbale, anayang'ana ine. Kenako anafotokoza pang'onopang'ono, monga amachitira ndi anthu amene mitu yawo ili kutali. Anati chinthucho chili kale m'thupi mwa aliyense. Shuga akachuluka m'magazi, icho chimamusandutsa chinthu china chimene chimaunjikana m'maso ndi m'mitsempha ya m'mapazi, n'kumawononga. Iye anaphunzitsa tizilombo kuti tizichipanga chambiri m'botolo, kuti achione bwino, ayese zoti zingachimange manja. Mankhwala akadali kutali, mwina zaka, mwina adzawapeza ndi ena.

"Iwe mwana," ndinatero, "miyezi isanu ndi iwiri wakhala ukuweta mdani wanga? N'kumamudyetsa?"

"Eya agogo. Mapiritsi anu mwamwa lero?"

Ndinayamba kuyang'ana nkhuku. A Nyakhuwa, anzanga apamtima pa mavuto, anayankha m'malo mwanga, mokweza, ndi dzina la chimbudzi lomwe.

Esinati sanakalipe. Bola akanakalipa. Anagwada pansi, anandivula nsapato pamaso pa mudzi wonse, n'kuyamba kuyang'ana pakati pa zala za mapazi anga chimodzichimodzi, misozi ikugwera pafumbi. Atadzuka anafunsa ngati pali winanso amene wasiya kumwa. Manja atatu anakwera. Limodzi linali la a Alufandika, aja a diso limodzi. Pamenepo nyimbo inandithera m'kamwa.

Tinakwezedwa pa makabaza anayi, ochira tonse, ulendo wa kuchipatala. Anamwino atandibaya chala n'kuona nambala, anavula magalasi, anapukuta, anavalanso. Zimene anandiuza sindilemba, pepala lingapse. Ine ndinagonekedwa masiku awiri, anzangawo anapatsidwa mapiritsi ena n'kubwerera. Mbuzi sindinailawe. Otsala aja anaona kuti si bwino nyama iwonongeke chifukwa cha chisoni, anatithandiza kuidya mpaka ziboda.

Tsopano mapiritsi ndimamwa pamaso pa mboni, ndipo a Alufandika ndinakawapepesa kwawo nditagwada. Koma musandiuze kuti ndisanyade. Mwana wa m'dimba walamula zosaoneka ndipo zamumvera! Sabata yatha anaimbanso kuti china chake chayamba kumufooketsa mdaniyo m'botolo, ndipo ndinamvetsera mpaka kumapeto, ndinafunsa kawiri ngati n'zakumwa, anati ayi, ndiye nthungululu ndinakaimbira m'bafa, motsitsa.

Amene munabwera kudzakondwera nane ndikukudziwani nonse. Mayi a Joaki ndi ana awo asanu ndi mmodzi, amene palibe wodwala shuga koma njala yokha. A Zuze a ng'oma, amene sanasiye kuimba ngakhale tikukwera makabaza. A Fachi, a Semba, a Tchale ndi akazi awo onse awiri. Amayi a mvano, amene umboni wanga akuti sanaumve bwino. Mayi Dinala a ku Marka, amene anatenga chikopa. Ndi a Nyakhuwa, amene Lachiwiri lililonse amadikira mzere udzaze kaye, kenako n'kundifunsa mokweza kuti ziweto za ku Blantyre zadzuka bwanji.