Munda Umene Unaleka Kugeya

Kuseri kwa mapiri amene mitambo imapumirapo kunali dziko la Khutani, kumene mlendo akadya osageya ankati watukwana mwini nyumba. Mfumu ya kumeneko, Gogo Chalo Nditameni, inkakonda kuthokozedwa kuposa mmene mbuzi imakondera mchere. Tsono itamva kuti minda ya tirigu ikathiridwa feteleza wambiri imatulutsa mpweya wopita kumwamba, inawomba m'manja nkunena kuti, "Imvani, ngakhale nthaka ikundithokoza!" Inalamula kuti feteleza azithiridwa kawirikawiri, ndipo munda wosageya uzilandidwa. Inasankhanso a Nunkhizani kukhala Nduna Yoona za Kugeya kwa Minda. Mpweyawo unkaunjikana kumwamba ngati bulangete, dzuwa nkumawotcha, mvula nkumanyanyala, tirigu nkumangogona wopanda ngala. Koma ndani akanauza mkango kuti m'kamwa mwake mukununkha?

Tsoka sasimba. Tsiku lina a Nunkhizani anagwada m'munda mwawo momwe, mphuno pansi, koma zii, munda osageya. Anathamangira kwa akazi awo, Mayi Sindibisa. "Amayi, mwautani munda? Atilanda!"

"Ndauchiza, bambo. Paja inu mimba ikatupa ndimakusinjirani makala. Nawonso ndausinjira, ndasakaniza ndi manyowa, feteleza nkuthira pang'ono. Kapena ndiwo wokha wosayenera mankhwala?"

Khoma lili ndi makutu. Mlandu unafika kubwalo. Mfumu inafunsa mwaukali, "Mayi, munda wanu wasowa ulemu chotere bwanji?"

Mayi Sindibisa anagwada, natula lichero la buledi wa tirigu wa m'mundamo. "Wamkulukulu, inu mthunzi wa amasiye, ine sukulu ndinangoiona pawindo. Koma ndaphikira anthu zaka zambiri, ndipo ndaona kuti chimene munthu wageya sichifika m'mafupa. Makala amagwira chakudya kuti mbewu idye pang'onopang'ono. Munda wanga uli chete chifukwa uli pantchito. Inayo ikufuula chifukwa yameza za anthu, nkubweza mphepo yokhayokha. Umboni ndi uwu, mulawe."

Mfumu inalawa. Inalawanso kuti chilungamo chioneke. Nduna zinameza malovu mpaka lichero linatsala mbee. Popeza umboni unali utalowa m'mimba mwa woweruza, mlandu unafera pomwepo, ndipo a Nunkhizani anapuma ngati munthu wotula mtolo wa nkhuni zaziwisi. Apo Gogo Chalo anatsamira mpando, nasisita mimba imene inamera pa misonkho ya midzi yonse, nageya kugeya kwachifumu, kogwedeza denga, kothawitsa nkhunda pamtengo. Anadikira kuti anthu awombe m'manja monga mwa masiku onse. Anthu anangoyang'anana.

Usiku womwewo mitondo inalira m'midzi yonse ya Khutani. Kutacha, alonda potsegula chipata cha kunyumba yachifumu anapeza mtulo umene sunaonekepo chiyambire: malichero ndi malichero a makala, osinjidwa bwino, osefedwa mwaulemu.