Moni Wopanda Mwini

Anzanga, usiku wapitawu ndinalota ndikutumiza moni kwa mng'ono wanga Esinala. Paja mwamuna wake anamuletsa kuyankhula nane, ndipo foni yake amaisecha tsiku ndi tsiku. Mwanayo ndamusowa, mpaka mumtima kuwawa.

Ndiye ndinatenga mawu akuti "ndakusowa" n'kuwakulunga m'tsamba la nthochi, pamwamba tsamba lina, pamwamba linanso, mpaka phukusi linakula ngati dzungu. Mwadzidzidzi phukusilo linayankhula: "Mayi, musandikweze basi imodzi. Ndidutse m'manja ambiri, aliyense angodziwa amene wamupatsa ndi amene akampatse, basi."

Ndiye ndinapatsa wakabaza, iye anasenda tsamba limodzi n'kupatsira mayi wamakala, mayiyo anasenda lake n'kupatsira kondakitala, ine ndikulondola m'mbuyo nditavala thumba la feteleza kumutu. Pa rodibuloko panali bwana wa yunifolomu, ndipo atangovula chipewa anasanduka nalimata n'kukwera pamlongoti wa netiweki.

"Bwana, simutsegula?" anafunsa kondakitala.

"Nditsegulirenji?" anatero nalimata. "Za m'katimo ine ndilibe nazo ntchito. Ndimangoona kuti lachokera kuti, nthawi yanji, likulemera bwanji. Ili lachokera ku Ndirande m'mamawa, ndipo kulemera kumeneku n'kwa munthu wogona yekha."

Ndinachita mantha kuti akakauza alamu, Esinala aona zakuda. Ndiye ndinapempha msika wonse kuti aliyense anyamule phukusi lofanana ndi langa, lopanda kanthu, ndipo anayamba kupatsirana uku ndi uku mpaka nalimata anachita chizungulire n'kugwa, mchira n'kuduka. Ndiye ndinasesa mapazi anga onse ndi tsache, dzina langa ndinalimeza ndi madzi.

Mwadzidzidzi ndili pakhomo pa Esinala, iye akusenda tsamba lomaliza. Mawu aja anatuluka bwinobwino, koma osamveka kuti ndi a ndani.

"Wandisowa ndani?" anafunsa.

"Kaya, mayi," anatero bambo amene anabweretsa phukusilo. "Ine anangondipatsira."

"Nanga ndiyankhe kwa yani?"

Ndinafuna kukuwa kuti ndine, koma pakhosi panalibe dzina. Mwana wa mayi anga anandiyang'ana ngati munthu wongodutsa, anandipatsa moni waulemu, n'kutseka chitseko.

Ndinadzidzimuka foni ikulira. Ndinapapasa pansi pa pilo msangamsanga, koma inali ya aneba kuseri kwa khoma, ndipo anaiyankha akuseka.