Timavu ta NyaZgambo

Pali zinthu zina zimene munthu umachita ndi mtima wabwino, koma ukazikumbukira umalakalaka nthaka itang'ambika ulowemo. Changa ndinachichita masana dzuwa likuswa mtengo, ndikuimba mluzu.

Zaka zimenezo, khadi ya chipani isanayambe kuchoka m'thumba, ndinkagwira ntchito ya m'dimba pa famu ina yoyeserapo mbewu kufupi ndi boma la Mzimba. Ine wa ku Dedza, Chitumbuka changa chinkathera pa "yewo". Pafamupo panali nyumba ya pulasitiki yodzalamo tomato, ndipo woyang'anira wake anali mlangizi wamkazi wa ku Embangweni, NyaZgambo. Ndisabise, ndinkamufuna. Ndinali nditagula kale malaya oti ndidzavale tsiku lomuuza za kukhosi (anagona m'sutikesi miyezi isanu).

Mdani wathu m'nyumbamo anali nsabwe za m'masamba, zobiriwira zija zimene zimayamwa mbewu mpaka masamba kukwinyika. NyaZgambo sankafuna zopopera mankhwala. Analemba makalata chaka chathunthu mpaka anamutumizira timavu m'timabotolo, tating'ono kuposa nyerere. Anatiuza kuti kamavuko kamaikira dzira m'thupi mwa nsabwe, mwana wake n'kumaidya m'kati. Anafotokoza zinanso zambiri, koma ine maso anali pa kampata ka pakati pa mano ake, ndiye ndinkangogwedeza mutu. Akuluakulu a pafamu sankazikhulupirira zimenezi, moti anamuuziratu kuti zikakanika amusamutsa.

Ndiye kunabwera uthenga woti Lachisanu kudzafika nduna. Amene munaliko mukudziwa mmene zinkakhalira. Tinkasesa ndi kutchire komwe, mwala uliwonse n'kuupaka laimu. Lachinayi amayi onse anatengedwa kukayeserera nyimbo zolandirira alendo. NyaZgambo anandisiyira kiyi n'kunena kuti ndingothirira basi.

Ndinathirira. Kenako ndinatembenuza tsamba limodzi n'kupeza nsabwe zofufuma, zofiirira, zouma ngati timbewu ta mapira. Ndinati, nduna idzaone nyansi zimenezi m'nyumba ya NyaZgambo ine ndilipo? Ndinayamba kuthothola masamba onse okhala nazo. Dengu loyamba linadzaza, lachiwiri, lachitatu, ndipo masamba onsewo ndinakawatentha kuseri. Pobwerera ndinaona kuti nsabwe zobiriwira zikadalipo apo ndi apo. Apa nzeru inandiuza kuti timavu tija tatopa, ndingotithandizako. Ndinakabwereka pampu kwa anzanga a ku nazale ya fodya n'kupopera mankhwala kuyambira pakhomo mpaka kumapeto. (Safunsa anadya phula. Ine ndinapemphanso lina.)

Nditamaliza ndinathamanga kukasamba, n'kuvala malaya aja, n'kukaima pakhomo. Ndinati lero ndi lero.

Iye atafika sanawaone n'komwe malayawo. Fungo la mankhwala ndi limene linamulonjera. Analowa, nayenda mzere umodzi akutembenuza masamba otsala, kenako anandifunsa motsitsa mawu.

"Adada, masamba aja ali kuti?"

Ndinaloza phulusa, chifuwa chili patsogolo.

"Zofiirira zija ndiwo anali ana a timavu. Amatuluka sabata ino. Mbwenu mwaotcha wose."

Sanakalipe, ndipo mpaka lero ndimati bola akanakalipa. Anangokhala pa ndowa, manja ali m'masaya, n'kunena kuti ndalimbikira chomene.

Mawa lake nduna inalowa m'nyumbamo, inayamikira ukhondo, n'kufunsa amene wasamala. Anandikankhira kutsogolo, ndinagwirana nayo chanza, ndipo mwezi usanathe ndinali kapitawo. Nsabwe nazo zinabwerera ndi abale awo omwe, popanda kamavu ngakhale kamodzi kozilonda. Tomato yense anakwinyika.

Akuluakulu atamuitana NyaZgambo kuti afotokoze, ine ndinali pomwepo. Anati mlandu ndi wake, sanatiphunzitse mokwanira. Dzina langa sanalitchule. Ine kukamwa ndinatsegula ndithu, koma masiku amenewo munthu wogwirana chanza ndi nduna sankatembenuka n'kunena kuti nduna inayamikira zolakwika. Ndinatsekanso. Anamusamutsira ku Chitipa.

Katundu wake ndinamunyamulira ndine mpaka kudepoti. Njira yonse ndinkakonza mawu, ena opepesa, ena aja a miyezi isanu, koma basi itafika anasakanikirana ndipo chimene chinatuluka ndi chakuti ayende bwino. Anandiyang'ana pawindo nthawi yaitali ngati akudikira kuti ndipitirize.

"Yewo, adada. Mukhale makola." (Kwathu timati mutsale bwino.)

Ndinakwatira, ndili ndi zidzukulu, ndipo sindidandaula. Koma NyaZgambo ndimamusowabe, makamaka ndikagwada m'dimba mwanga n'kupeza nsabwe zofiirira pansi pa tsamba. Ndimazisiya, ndipo akazi anga amati ndi ulesi. Manja ndiye anaphunzira kudekha. Pakamwa pokha sipanaphunzire kanthu, chifukwa nkhaniyi mukuyamba kuimva ndinu, mwini wake sanamvebe ngakhale "pepani".