Ndinathawa Ndi Dzanzi M'kamwa

Nkhani iyi ndakhala ndikuibisa, koma poti kuno ku Nkhulambe aliyense akuidziwa kale, ndipo ena akuithira mchere wawo (akuti ndinatulukira pawindo, limene ndi bodza lamkunkhuniza), ndaona kuti bola ndiikambe ndekha.

Ine ndine mlimi wa nandolo ndi chinangwa, koma anthu amandidziwa ndi pakamwa. Pamaliro, paukwati, pamsonkhano wa kutchalitchi, akafuna woyankhula amaloza ine. Ndiye mwana wa mlongo wanga, Esinati, atapeza mwamuna, panalibenso zofunsana: malume ake ndine, nkhoswe ndine. Chinkhoswe chinali Loweruka, ndipo mawu ndinali nditawakonza kale, moti ndinkawayeserera kumunda, nandolo n'kumamvetsera.

Vuto linali dzino. La m'mwamba, kumanzere, chakumbuyo. Linabenthuka chaka chatha nditaluma kamwala m'makaka a chinangwa, ndipo kuyambira pamenepo tinkangolemekezana, ilo kukhala kwake, ine kutafunira kumanja. Koma atangotsala masabata awiri kuti chinkhoswe chichitike, linadzuka. Madzi ozizira ayi, tiyi ayi. Ngakhale mphepo ikalowa m'kamwa ndinkamva ngati wina akukhoma msomali m'khutu. Munthu wodziwika ndi kuyankhula ndinayamba kuyankha moni ndi mutu.

Ndivomere pano kuti ndinkaopa, ndipo ndinkaopa kwambiri. Ndili mwana ndinamva akuluakulu akunena kuti dzino la m'mwamba lili ndi mtsempha wopita kumaso, ukangolizula basi wachita khungu. Ndakula, ndaona anthu ambirimbiri ochotsa mano akulowetsa ulusi pasingano bwinobwino, koma mawu ajawo sanandichoke m'mutu.

Choncho ndinayamba kufunsa anthu, ndipo munthu wodwala dzino sasowa alangizi. Wina anati nditsendere fodya pabowopo. Ndinatsendera, dzino silinasiye, koma nyumba inayamba kuzungulira. Wina anati ndidonthezerepo madzi a m'batire (mkazi wanga atamva zimenezo anati ndikangoyerekeza, iye akulongedza katundu wanga). Wina anandiuza za bambo wina amene amazula mano tsiku la msika, koma nditamva kuti chitsulo chake ndi chomwecho amamangira masipoko a njinga, ndinathokoza n'kuchokapo.

Mkazi wanga ndiye anafufuza mwanzeru. Anafunsa amayi atatu a kumvano amene anachotsapo mano, aliyense payekha, ndipo onse anatchula munthu mmodzi: dokotala wa mano wa kuchipatala chachikulu, mayi wochokera kumpoto. Akuti manja ake ndi ofewa, amayamba wakufotokozera asanakugwire, ndipo sakalipa.

"Lolemba mukupita," anatero mkazi wanga. "Ndikuperekezani."

"Kundiperekeza? Kodi ndine mwana wopita kusikelo?"

Anangondiyang'ana, n'kundipatsa kabuku kanga ka kuchipatala.

Lolemba m'mawa ndinakwera njinga yamoto. Msewu wathu mukuudziwa, bampu iliyonse inkathera padzino. Nditafika ndinapeza anthu ali kale pabenchi, aliyense atagwira tsaya. Ndipo kumapeto kwa benchi, ndani? A Namakhwa, malume ake a mnyamata wokwatira Esinati, nkhoswe ya kuchimuna. Ndi bambo wachikulire wa ku Nazombe, wofatsa, woyankhula pang'onopang'ono. Tinali titakumana kale kawiri pokambirana za ana athuwa.

"Asewere, nanunso?" anatero.

"Kanthu kakang'ono," ndinayankha. "Nanga inu?"

"Ine masiku anayi osadya. Koma kunena zoona, asewere, mtima ukugunda. Jakisoni wa m'kamwa sindinabayitsepo."

Apa ndi pamene ndinalakwitsa. M'malo movomera kuti nanenso ndikuopa, pakamwa panga panayamba ntchito yake. Ndinawauza kuti mwamuna saopa kasingano. Ndinawauza kuti kwathu, mtundu wathu wonse, ndife anthu opirira. Ndinakweza mawu mpaka benchi yonse inatembenuka, ndipo mayi wina anati, "Zoona bambo, tilimbikitseni." Ndinawalimbikitsadi.

Tsono kumeneko amagwira ntchito motere. Poti anthu amakhala ambiri, amaitana anayi kapena asanu motsatizana, aliyense n'kumuona, n'kumubaya jakisoni, kenako n'kumutulutsa kuti akadikire pabenchi mankhwala agwire. Akamaliza kubaya womaliza, woyamba uja amakhala atachita dzanzi, ndiye amayamba kuwaitananso mmodzimmodzi kukachotsa. Ndi nzeru yabwino, koma anaipanga osaganizira anthu ngati ine.

Nditalowa ndinapereka kabuku. Adokotala anali mayi wamfupi wa magalasi, ndipo anali monga anthu ananenera. Anandiyasamulitsa, n'kugogoda dzinolo pang'ono (ndinaona nyenyezi), n'kunena kuti laola mpaka kumizu, kulimata sikungatheke. Ndinafunsa za maso. Sanaseke. Anandifotokozera modekha kuti dzino ndi diso zilibe chingwe chozilumikiza chotero, ndipo anthu onse amene anawachotsa mano anabwerera kwawo akuona njira. Jakisoni anandibaya ndisanamalize n'komwe kupemphera.

"Kakhaleni panja, bambo. Tikuitananinso."

Mawu amenewa ndinawamva. Sindinganame kuti sanandiuze.

Ndinakhala pabenchi pafupi ndi a Namakhwa, amenenso anali atabayidwa. Patapita kanthawi, chinthu chodabwitsa chinachitika: ululu unatha. Unatheratu! Ndinagogoda dzino ndi chala, zii. Ndinakoka mphepo m'kamwa, zii. Patatha sabata yathunthu ya misozi, ndinamva mtendere woti ndikanatha kuimba. Ndiye maganizo anayamba kubwera. Ngati lapola, kulichotseranji? Mwina jakisoni ameneyu wapha kachilombo kamene kamalidya. Munthu n'kutaya dzino labwinobwino, la m'mwambanso?

Nthawi yomweyo chitseko chinatseguka, ndipo munatuluka mnyamata wina wamphamvu zake ataluma thonje lofiira, maso ali pamtunda. M'katimo ndinamva zitsulo zikulira m'mbale.

"Asewere," ndinatero, mlomo ukulendewera, "ndikataye madzi kaye."

"Fulumirani, atsala pang'ono kutiitana."

Ndinafulumiradi. Ndinadutsa chimbudzi osachiyang'ana, ndinadutsa pageti, ndipo wa njinga yamoto woyamba amene ndinamupeza sindinanenerere naye n'komwe mtengo.

Kunyumba ndinafika ngati msilikali wochokera kunkhondo. Mlomo unali utapendekeka, dovu likutsika osalimva, mawu akutuluka opotoka, ndiye mkazi wanga atafunsa kuti, "Achotsa?" ndinangogwedeza mutu. Anandimvera chisoni. Anandiphikira phala la mpunga, n'kundiyalira mkeka pamthunzi. Anthu oyandikana nawo nyumba anabwera kudzandizonda, ndipo ndinawauza kuti kuchotsa dzino n'kosavuta, anthu amangokokomeza.

Cha m'ma 2 koloko mlomo unayamba kunyerenyetsa. Pofika 3 koloko, mwini wake, dzino lija, anabwerera. Abale anga, dzino limene walinamiza limabwera ndi mkwiyo. Ndipo choipa kwambiri n'chakuti sindikanatha kubuula, chifukwa dzino lochotsedwa lingapweteke bwanji chonchi? Ndinapita kuseri kwa nkhokwe, n'kukalira mwakachetechete ngati mwana woberedwa chigumu.

"Tayasamulani ndione pamene achotsapo," anatero mkazi wanga nditabwerako.

"Adokotala aletsa. Akuti pasalowe mphepo."

"Nanga kabuku kaja kali kuti?"

Kabuku kanatsala patebulo la adokotala, dzina langa ndi mudzi wanga zili pachikuto.

Lachiwiri m'mawa ndinamva belu la njinga pabwalo. A Namakhwa. Anatsika pang'onopang'ono, anapereka moni kwa mkazi wanga, anakhala pampando, kenako anapisa m'thumba la jekete n'kutulutsa kabuku kanga.

"Anakuitanani katatu, asewere," anatero. "Ine ndinati muli kuchimbudzi. Anatuma munthu kukagogoda. Kenako tinayamba kuopa kuti mwina mwakomoka, ndiye benchi yonse inadzuka kukusakani, anthu ali ndi dzanzi m'kamwa, akuitana dzina lanu osatha kulitchula."

Mkazi wanga anaika tsache pansi.

Ndinayesa kufotokoza kuti ululu unali utatha, koma a Namakhwa anakweza dzanja. Sanakwiye, ndipo n'zimene zinandipweteka kwambiri.

"Za dzino ndi zanu. Ine chandibweretsa n'china. Nkhoswe ndi munthu wokhala pansi zinthu zikavuta. Ana awa tikuwapatsa banja Loweruka. Tsiku lina akadzayambana, ine ndikadzabwera kuti tikambirane, ndidzakupezani pabenchi, kapena mudzakhala mutapita kukataya madzi?"

Ndinachita manyazi mpaka dzino ndinaliiwala kwa kamphindi. Ndinaganiza za Esinati, amene bambo ake anamwalira ali wamng'ono, amene amati "malume" akudziwa kuti ali ndi pothawira.

"Ndinaopa," ndinatero. "Kuyambira pachiyambi pomwe ndinkaopa kuposa inu."

"Ndinadziwa," anatero a Namakhwa. "Bondo lanu linkagwedeza benchi yonse." Anayasamula n'kundionetsa pamene anachotsa lawo. "Onani. Usipa ndadya kale m'mawa uno. Mawa tipitira limodzi."

Lachitatu tinapita atatu: ine pakati, mkazi wanga uku, a Namakhwa uku. Ndinkayembekezera kukalipiridwa, koma adokotala anangondiyang'ana pamwamba pa magalasi.

"Mwabwerako kuchimbudzi, bambo?"

Ndinapepesa. Iwo anati si ine woyamba, ndipo akanakonda ndikanangowauza kuti ndikuopa, chifukwa munthu wamantha ali ndi kasamalidwe kake. Anandifotokozera kuti jakisoni uja sachiza, amangogoneka malowo kwa maola ochepa. Anati ndikamva kupweteka ndikweze dzanja, iwo asiya nthawi yomweyo. Atandibaya sananditulutse, anandikhazika pakampando m'kati momwemo. Koma mkazi wanga sanakhutire. Anagwada, n'kundivula nsapato zonse ziwiri, n'kuziika m'chikwama chake, n'kukakhala nazo panja.

Ndinatsinzina, n'kugwira mpando ndi manja awiri. Ndinamva kukankha, kugwedeza, kenako kaphokoso kakang'ono. Ndinali ndikudikirabe kuti ululu uyambe pamene adokotala anati, "Lumani thonje ili." Ndinatsegula diso limodzi. Ndinaona denga. Ndinatsegula linalo. Ndinaona kalendala pakhoma, ndipo ndinaiwerenga yonse, mwezi ndi mwezi, misozi ikutsika. Chinthu chimene ndinachiopa kuyambira ndili mwana chinatha msanga kuposa kusenda chinangwa chimodzi.

Loweruka ndinayankhula. Tsaya linali lotupa pang'ono, koma mawu anatuluka, ndipo amayi analulutira. Pa nthawi yosinthana nkhuku, a Namakhwa pondipatsa tambala anagwira dzanja langa nthawi yaitali, n'kuuza anthu onse kuti, "Asewere anga awa ndawayesa ndekha. Amachoka, koma amabwerera." Anthu anaseka mpaka ena kugwa pamipando. Nanenso ndinaseka, chifukwa zinali zoona, ndipo Esinati anandiyang'ana akumwetulira.

Mwina mukuganiza kuti ndinaphunzira. Pang'ono. Tsiku lija adokotala anaona kabowo padzino lina, lam'munsi, n'kunena kuti limeneli likhoza kupulumuka ndikapita msanga kukalimata. Anati ndibwere pakatha mwezi. Papita miyezi itatu, ndipo zifukwa ndakhala nazo zambiri: nandolo, mvula, msewu. Koma dzulo ndatumiza uthenga ku Nazombe, ndipo a Namakhwa ayankha kuti Lachiwiri adzandidikira pabenchi. Mkazi wanga wachapa kale chikwama chija, ndipo ine ndasankha nsapato zosavuta kuvula.