Dzina la amayi pa chiliza

Mpaka lero ndikamadutsa pa njinga ku Mlolo, azimayi ena amagwirana mapewa n'kumaseka. Sindiwaimba mlandu.

Patatha zaka ziwiri amayi atatisiya, tinagwirizana zowamangira chiliza. Alongo anga aakulu, aLute, anati za mawu olemba pamwala ndione ine poti ndine wa mabuku (sukulu ndinalekezera giredi faifi, koma ngakhale nyuzipepala yokulungira kapenta siindidutsa osaiwerenga). Atandifunsa ngati dzina la amayi ndikulidziwa, ndinati funso lotani limenelo.

Sindinkalidziwa. Mwana angatchule dzina la make? Kwa ife anali amayi, kwa anansi aNaphiri, kutchalitchi amake Lute. Chitupa chawo chinapsera m'nyumba yakale, ndipo amalume, amene akanandinong'oneza, anali atatsogola kale. Koma zobwerera kwa aLute kukavomera umbuli, ayi.

Ndinatsekula sutikesi ya amayi. Pansi pa zitenje panali buku la nyimbo lomwe ankapita nalo kutchalitchi, likununkhirabe sopo wawo. Mkati mwa chikuto munalembedwa kuti Tikambenji Phiri. Ndinakhala pansi nthawi yaitali, ndikulibwereza chamumtima. Zoti amayi sankadziwa kulemba, ndipo nyimbo ankaimba za pamtima buku ali chigwirire, ndinazikumbukira ndithu. Ndinangoti abusa ndiwo anawalembera.

Ndinapalasa mpaka ku boma, mmisiri n'kugoba dzinalo pamwala mwa malembo akuluakulu monga ndinamuuzira. Kenako ndinakonza mawu okayankhula, masamba atatu, ofotokoza kuti dzinali ndi la banja limene maliro alisowetsa chonena. Ndinkalira ndekha powerenga.

Tsiku lovundukula chiliza, nsalu itachotsedwa, ndinawerenga dzina mokweza. Ndili pa tsamba loyamba, amake Zuze, mnzawo wa amayi kuyambira pa utsikana, anadzuka ndi ndodo yawo. Anafika pamwala, anawerama, n'kulondola malembo ndi chala.

"Mwanawe, ine ndafa liti?"

Kenako wina anayamba kutsokomolera m'chitenje, ndipo chifuwacho chinafalikira msanga. Nditaulula za buku lija, amake Zuze anati Tikambenji Phiri ndi iwowo, bukulo ndi lawo, amayi anangolibwereka pa maliro ena kalekale, ndipo zaka zonsezi ankayesa kuti analitaya. ALute anandinong'oneza kuti, "Si paja munati mukulidziwa?" Nditawafunsa ngati iwo akulidziwa, anayamba kukonza duku.

Anthu atabalalika, gogoyo anatikhazika pansi pa mtengo. Anati amayi anabadwa bambo awo ali ku mafamu a ku Halale. Popita anali atalamula kuti mwana akabadwa asamutche, dzina adzabwera nalo okha. Mchombo unagwa, mwana anatuluka m'chikuta, anakhala, anayamba kukwawa, akungotchedwa kamwana. Tsiku lina make, atatopa kuyang'ana kunjira, anamunyamula n'kunena kuti ameneyu ndi Mpakaliti. Bambowo sanabwerenso.

"Sankalifuna dzina limeneli," anatero amake Zuze. "Koma basi ya ku Chipata ikaima, ankasiya khasu n'kuyang'ana otsika. Mpaka imvi."

Ndinawaona akutero kambirimbiri. Ndinkayesa kuti amangokonda magalimoto.

Mwala wolakwikawo amake Zuze anakana kuti tiuswe. Anati tiwasungire, zaka zokha ndizo tidzasinthe, ndipo mawu anga aja ndidzawamalize bwinobwino pa tsiku lawo. Uli kuseri kwa nkhokwe yawo.

Mwala watsopano tinakauika anthu atatu basi. Anzanga atachoka, ndinatsala kuti ndiwaitane amayi ndi dzina lawo kamodzi kokha, lisangokhala la pamwala. Ndinayang'ana uku ndi uku ngati mwana wofuna kutukwana. Ndinatsekula pakamwa, ine bambo wa ana asanu, wowerenga chilichonse.

Chomwe chinatuluka n'chakuti, "Amayi."